Sayirini ikalira mpira sunathe: mmene Lions inataira zikho ziwiri pa Ellis Park

Nthawi inali itatha. Sayirini ya pa bwalo la Ellis Park ku Johannesburg inali italira, timu ya rugby ya Lions inali patsogolo pa Sharks ya ku Durban ndi mapointi 14 kwa 13, ndipo mpira unali m'manja mwawo. Chomwe chinatsala n'chakuti munthu mmodzi autenge mpirawo, aumenye ndi phazi kupita kunja kwa bwalo, basi chikho cha Currie Cup cha 2024, chomwe zigawo za ku South Africa zimalimbirana, chikhale chawo, pakhomo pawo pomwe. Sanatero. Anyamata akutsogolo anaukumbatira mpirawo n'kuyamba kukankhana ndi a Sharks, mpira unawapulumuka, ndipo pasanapite nthawi oyimbira anapereka penate kwa Sharks. Jordan Hendrikse anaukhazika mpira pa mtunda wa mamita 59 kuchokera pagolo, kutanthauza mkati mwa dera la timu yake yomwe, n'kuumenya. Unalowa. Sharks 16, Lions 14. Linali Loweruka, pa 21 Sepitembala 2024, ndipo mpaka lero masapota a rugby ku South Africa akakhala pansi kuotcha nyama, nkhani imeneyi sichedwa kutuluka.

Ife amene tinakulira mpira wamiyendo timadabwa tikamva zimenezi. Nthawi yatha, nanga bwanji oyimbira osangoimba wezulo? Abale athu ambiri amene ali pa ntchito ku Johannesburg, Durban kapena Cape Town amakumana ndi mkangano umenewu Lolemba m'mawa, abwana ndi anzawo akuntchito atatenthetsana mitu, iwo n'kumangogwedeza mutu posadziwa pomwe pagona nkhani. Pagona pa lamulo limodzi la rugby lokhudza kutha kwa masewero, ndipo Lions yalumidwa nalo zaka ziwiri zotsatizana, pa bwalo lomwelo, m'njira ziwiri zosiyana kwambiri.

Tiyambe ndi kawerengedwe ka mapointi, chifukwa popanda iko 16 kwa 14 satanthauza kanthu. Wosewera akafika kuseri kwa mzere wa golo la adani n'kugunditsa mpira pansi, imeneyo ndi try, mapointi 5. Timu yake imapatsidwa mwayi womenya mpira kuti udutse pakati pa zitsulo ziwiri zazitali zija, pamwamba pa chitsulo chopingasa, ndipo ukadutsa awonjezera 2. Penate yomenyedwa pagolo ndi mapointi 3, chimodzimodzinso mpira womenyedwa utangodumpha pansi masewero ali mkati. Ndiye kuti timu ikhoza kugoletsa ma try ambiri koma n'kugonja, ndipo ndi zomwe zinachitika tsikulo. Lions inagoletsa ma try awiri, onse n'kuwonjezera mapointi awiri aja, kukwana 14. Sharks inagoletsa try imodzi yokha kudzera mwa Ethan Hooker, n'kuwonjezera mapointi awiri aja, koma inamenyanso mapenate atatu, kukwana 16. Kunja kunali kozizira, bwalo lili lonyowa, moti chigawo choyamba chinatha popanda timu yopeza pointi ngakhale imodzi, zomwe sizichitikachitika mu rugby ya masiku ano.

Tsopano lamulo la nthawi. Masewero a rugby ndi mphindi 80, zigawo ziwiri za mphindi 40. Wosewera akavulala kapena oyimbira akamaunika kanema, wotchi imaimitsidwa, choncho kulibe zija za mphindi zoonjezera zomwe munthu amakweza pa bolodi. Zikakwana 80 sayirini imalira, manambala a wotchi ya pa kanema amafiira, koma masewero amapitirira kufikira mpira utafa. Mpira umafa ukatuluka kunja, kapena wina akaugwetsera kutsogolo mwangozi timu inayo osapindula nazo, kapena pakachitika china chomwe pa nthawi wamba chikanabweretsa scrum, kumene kuli kuyambitsanso masewero osewera akutsogolo a matimu onse atawerama n'kulumikizana mapewa kuti akankhane polimbirana mpira. Komano penate siipha mpira. Oyimbira akapereka penate nthawi itatha, timu yolakwiridwayo imaisewera. Nzeru yake ndi yoonekeratu: zikanakhala kuti kulakwa kumathetsa masewero, timu iliyonse yomwe ili patsogolo ikanangogwetsa munthu mwadala sayirini ikalira n'kupita kukasamba.

Pali tizinthu tina tating'ono pa lamuloli tomwe timasokoneza ngakhale osewera enieni. Ngati oyimbira anapereka lineout (kuponya mpira kuchokera m'mbali ukatuluka) kapena scrum nthawi isanathe, iyenera kuseweredwa ngakhale sayirini ilire ali mkati mokonzekera. Kuyambira cha m'ma 2017, timu ikapatsidwa penate nthawi itatha n'kuumenya mpira molunjika kunja, masewero satha, imaponya lineout. Ofuna kuthetsa masewero amayamba augunda mpira pang'ono ndi phazi, kuugwira, kenako n'kuumenya kunja. Ndipo kuponyera mpira kunja ndi manja mwadala ndi mlandu, penate imapita kwa adani. Zonsezi zikutanthauza kuti timu yomwe ili patsogolo imayenera kuthetsa yokha masewero, mwa njira yovomerezeka. Palibe amene aithetsere.

Lions inali ndi lineout. Kwa amene sanaonepo: mpira ukatuluka m'mbali, osewera akutsogolo a matimu onse amafola mizere iwiri, wina amauponya pakati pawo, ndipo anzake amanyamula mnzawo wamtali m'mwamba kuti auwakhe. Lions inauwakha bwinobwino. Apa njira zinali ziwiri. Yoyamba, wowakhayo aupereke kwa nambala 9, wosewera amene amalandira mpira kuchokera kwa akutsogolo, iye aumenye kunja, nkhani yatha. Yachiwiri, atsike nawo, anzake amuzungulire n'kupanga maul. Anasankha yachiwiri.

Maul ndi pamene wogwira mpira wagwidwa ndi mdani koma sanagwe, ndiyeno anzake amamatirira kwa iye onse ali chiimire n'kumakankha. Mukaiona imakhala ngati anthu akukankha minibasi yotitimira m'matope, kungoti kutsogolo kulinso gulu lina lomwe likuikankhira m'mbuyo. Mpira amaupatsirana pansipansi mpaka ufike kwa womalizira kumbuyo, komwe adani sangaufikire mosavuta, poti saloledwa kulowera m'mbali kapena kugwetsa maul mwadala. N'chifukwa chake matimu a ku South Africa amaikonda kwambiri. Ma try ambiri a Springboks, timu ya dziko la South Africa, ndi a matimu a m'zigawo amachokera pa lineout ya pafupi ndi mzere n'kutsatira maul. Ana a sukulu za rugby kumeneko amakula akudziwa kuti lineout ikawakhidwa chotsatira ndi kukankha. Zili m'magazi.

Apa ndi pomwe masapota amagawanika, ndipo mbali iliyonse ili ndi mfundo. Ambiri amati kunali kupusa basi. Mudzamva wina akuti, "Achimwene, chikho chili m'manja, ukufunanso chiyani? Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada." Kwa iwo mlandu ndi wa atsogoleri a timu pa bwalo, amene amaitana kaseweredwe ka lineout, komanso nambala 9 amene ntchito yake ndi kukuwa kuti mpira utuluke.

Ena amati dikirani kaye. Maul si yoopsa mmene anthu akunenera. Malamulo amati maul ikaima osasunthanso, mpira n'kukanika kutuluka, oyimbira amaimitsa n'kupereka scrum kwa timu inayo. Koma nthawi ikakhala itatha scrum yatsopano kulibe, masewero amathera pomwepo. Choncho ngakhale Sharks ikanaitsekereza maul ija, chikho chinali cha Lions. Ndipo Sharks ikanaigwetsa, penate inali ya Lions. Kuonjezera apo, kupatsirana mpira wonyowa kuchokera m'mwamba kupita kwa nambala 9 nakonso kuli ndi ngozi yake. Mwa njira zitatu zomwe maul ikanathera, ziwiri zinali zokomera Lions.

Mfundo imeneyi ndi yanzeru, koma ine sindigwirizana nayo. Kumenya mpira kunja kumafuna anthu awiri kapena atatu achite chinthu chimodzi chophweka kwa masekondi atatu. Ngakhale nambala 9 akanaugwetsera kutsogolo, bola a Sharks osautola, mpira ukanafa ndipo Lions ikanapambanabe. Maul imalowetsa anthu oposa khumi, manja ambirimbiri pa mpira woterera, komanso maso a oyimbira amene angaone cholakwa chilichonse mwa zolakwa zambiri zomwe zimachitika mmenemo: wina watsekereza mdani asanagwire wonyamula mpira, wina wachoka n'kulowanso molakwika, wina wagwa. Ukakhala patsogolo ndi pointi imodzi, sekondi iliyonse yomwe mpira uli wamoyo ndi mphatso kwa mdani. Zomwe zimachitika kawirikawiri pa nthawi ngati imeneyi n'zakuti anthu asanu ndi atatu akutsogolo aja, mitu ili pansi, makutu atamangidwa mabandeji, chiphokoso cha bwalo chili pamwamba, sadziwa bwinobwino ngati wotchi yadutsa 80 kapena kwatsala masekondi khumi. Kukanakhala kuti kwatsala masekondi, maul inali nzeru, chifukwa kumenya kunja msanga kukanapatsa Sharks lineout yawo. Kusiyana kwa nzeru ndi kupusa pamenepa kunali masekondi ochepa chabe, ndipo pa timu payenera kukhala munthu mmodzi amene ntchito yake pa mphindi imeneyo ndi kuyang'ana wotchi, osati china.

Komabe kutaya mpira si kutaya chikho. Sharks inali kutali, ndipo penate yomwe inapeza inali ya mamita 59. Bwalo la rugby ndi lotalika mamita 100 kuchokera pa mzere wa golo kufika pa unzake, ndiye mzere wapakati uli pa 50. Zitsulo zija n'zotalikirana mamita 5.6 okha, chopingasa chili mamita atatu kuchokera pansi. Omenya ambiri a ukatswiri amadzidalira mpaka cha pa mamita 45 kapena 50. Kupitirira apo kaputeni nthawi zambiri amasankha kumenyera mpira m'mbali kuti akapeze lineout pafupi ndi golo la adani. Sharks ikanatha kutero, poti lamulo lija la 2017 limalola. Inasankha kuloza zitsulo.

Chifukwa chimodzi ndi malo. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Durban, kwawo kwa Sharks, ili m'mphepete mwa nyanja penipeni. Kumtunda kotero mpweya ndi wopepuka, mpira sukumana ndi chotchinga chambiri, umauluka mamita angapo kuposa kunyanja. Matimu a kunyanja akabwera ku Ellis Park kapena ku Loftus Versfeld ku Pretoria amadandaula kuti mphindi 20 zomaliza chifuwa chimawotcha, koma omenya mpira amasekerera. Penate yomwe ku Durban sungaiyese n'komwe, ku Johannesburg imatheka. Tsikulo kuzizira ndi chinyezi zinachotsako gawo la mwayi umenewo, n'chifukwa chake ngakhale masapota a Lions, mtima ukatsika, amavomera kuti mnyamatayo anamenya.

Chifukwa china ndi munthuyo. Jordan Hendrikse anasewera Lions zaka zingapo asanapite ku Sharks chaka chomwecho cha 2024, kukakhala limodzi ndi mkulu wake Jaden Hendrikse, amene anali m'gulu la Springboks lomwe linatenga chikho cha dziko lonse mu 2023. Ellis Park inali pakhomo pake. Ankadziwa mmene mpira umaulukira pamenepo, komwe mphepo imazungulira, komanso kutalika komwe phazi lake lingafike. Ndipo taonani mmene zinakhalira: amene anaika Lions patsogolo ndi 14 kwa 13, pomenya mapointi awiri otsatira try ya kumapeto, anali Sanele Nohamba, yemwe anachokera ku Sharks kupita ku Lions. Timu iliyonse inabayidwa ndi mwana wake wakale, kungoti wina anabaya pomaliza. Masapota a Lions pamenepa amatsegula dandaulo lawo lakalekale, lakuti timu yawo imalera anyamata, akangokhwima matimu a ndalama zambiri n'kuwatenga.

Usiku wa tsiku lomwelo Springboks inasewera ndi Argentina ku Santiago del Estero n'kugonja 29 kwa 28, Manie Libbok ataphonya penate ya kumapeto yomwe inali pafupi kwambiri poyerekeza ndi ya Hendrikse. Mikangano iwiri inasanduka umodzi. Anthu ankafunsa kuti munthu womenya mamita 59 pa mphindi yomaliza akutani ku Currie Cup pamene timu ya dziko ikusowa phazi. Kunena zoona funsolo linali lopanda chilungamo kwa Libbok, amene luso lake lalikulu ndi kuyendetsa mpira ndi manja, ndipo Hendrikse anali atavala kale yunifolomu ya Springboks mu Juni chaka chomwecho pokumana ndi Wales. Koma sapota wokwiya safunsa za chilungamo.

Pali ena amene amati Sharks sinayenere n'komwe kufika mu fainolo. Sabata yam'mbuyo mwake, mu semifainolo ku Loftus, Sharks ndi Bulls analepherana mphamvu 40 kwa 40 ngakhale ataonjezera nthawi, ndipo Sharks inadutsa chifukwa inagoletsa ma try ambiri. Masapota a Bulls anang'ung'udza, koma lamulo linalembedwa mpikisano usanayambe. Kale zinkathera pena: fainolo ya 2006 ku Bloemfontein, Cheetahs ndi Blue Bulls (Bulls yomweyi) anathera 28 kwa 28 ndipo anangogawana chikho. Funsani sapota aliyense ngati akufuna kubwerera kumeneko.

Pansi pa zokangana zonsezi pali funso lomwe limawawa kwambiri akuluakulu: kodi Currie Cup ikadali ndi ulemu wake? Chikhochi n'chakale zedi. Chinabwera mu 1891 ndi timu ya ku Britain yomwe inadzacheza ku South Africa, chitaperekedwa ndi Sir Donald Currie, mwini kampani ya sitima zapamadzi, kuti chipatsidwe kwa timu yomwe isewere bwino koposa polimbana ndi alendowo. Chinapita kwa Griqualand West ya ku Kimberley, yomwe inachipereka ku bungwe loyendetsa rugby kuti zigawo zizilimbirana, kuyambira 1892. Western Province ya ku Cape Town yachitenga ka 34, Blue Bulls, yomwe kale inkatchedwa Northern Transvaal, ka 25, Lions ka 11, ndipo cha 2024 chinali cha chisanu ndi chinayi kwa Sharks, amene anayamba kuchilawa mu 1990. M'zaka za tsankho, dziko litasalidwa pa masewero, Currie Cup ndiyo inali rugby yapamwamba yomwe azungu a kumeneko ankaonera, ndipo mbiri imeneyo ili ndi mbali yake yowawa, chifukwa osewera akuda anali ndi mabungwe ndi mipikisano yawoyawo yomwe sinkapatsidwa ulemu wofanana. Pambuyo pake zinthu zinasintha, moti mmodzi mwa osewera okondedwa kwambiri m'mbiri ya Sharks ndi Tendai Mtawarira wobadwira ku Zimbabwe, amene bwalo lonse linkabangula dzina lake loti Beast akangogwira mpira.

Lero zinthu zili pena. Kuyambira 2021 matimu anayi akuluakulu, Bulls, Lions, Sharks ndi Stormers, amasewera mu United Rugby Championship limodzi ndi matimu a ku Ireland, Scotland, Wales ndi Italy, komanso, kuyambira 2022, m'zikho za ku Ulaya. Sharks yomweyi inali itangotenga Challenge Cup mu Meyi 2024, itagonjetsa Gloucester ku London. Ndalama za kanema zili kumeneko, nyengo yake imayamba cha mu Sepitembala kufika Juni, ndipo Currie Cup imapanikizidwa m'miyezi ya pakati, pamene akatswiri ali ku Springboks kapena akupuma. Zotsatira zake matimu akuluakulu amayamba mpikisanowu ndi achinyamata, zikafika kumapeto n'kulowetsa ena mwa akuluakulu amene akukonzekera nyengo yatsopano. Masapota amakangana ngati kuteroko n'chilungamo kwa anyamata amene anavutikira mpikisano wonse, komanso kwa matimu ang'onoang'ono amene alibe gulu lachiwiri loti aitane. Ellis Park imalowa anthu oposa 60,000, ndi bwalo lomwe Nelson Mandela anaperekera chikho cha dziko lonse mu 1995, koma masewero wamba a Currie Cup amaseweredwa mipando yambiri ili mbee. Ena amanena za chitetezo cha dera la Doornfontein komwe kuli bwaloli, ena mtengo wa zinthu, ena amangoti rugby yachuluka, munthu sangaonere zonse.

Kufooka kwa akuluakuluko kwatsegulira khomo ena. Mu 2022 fainolo inali ya Griquas, yomwe ndi Griqualand West ija, ndi Pumas ku Kimberley, matimu awiri opanda malo mu mpikisano wa ku Ulaya, ndipo Pumas ya ku Mbombela, pansi pa mphunzitsi Jimmy Stonehouse, inapambana 26 kwa 19 n'kutenga chikho koyamba m'mbiri yake. Mu 2023 inatenga Cheetahs. Kwa munthu wa ku Kimberley kapena Mbombela, kumuuza kuti chikhochi chinatha mphamvu ndi kumutukwana.

Ndiye tifike pa 2025. Lions inafikanso mu fainolo, pa Ellis Park pomwepo, mu Sepitembala, ulendo uno ndi Griquas. Kumapeto Lions inali patsogolo 25 kwa 24. Sayirini inalira, mpira unafika m'manja mwa Lions, ndipo phunziro la chaka chatha anali ataligwira: anaumenya kunja. Chisangalalo chinayamba. Koma TMO, amene ndi oyimbira wina wokhala pa makanema, anaitana oyimbira wa pabwalo kuti aonenso zomwe zinachitika mpira usanatuluke. Kanema anaonetsa wosewera wa Lions akuphapha mpira ndi dzanja pamene Griquas imapatsirana. Oyimbira anagamula kuti anachita dala, penate kwa Griquas. George Whitehead, mkulu wazaka zambiri pa masewerowa, anaimenya n'kulowa. Griquas 27, Lions 25. Chikho chinabwerera ku Kimberley koyamba chichokere 1970.

Lamulo lake ndi ili. Kugwetsera mpira kutsogolo mwangozi ndi kulakwa kwakung'ono, chilango chake ndi scrum, ndipo nthawi ikakhala itatha masewero amathera pomwepo. Koma kuugwetsera kutsogolo mwadala, pofuna kuononga kupatsirana kwa adani, ndi penate, nthawi zina ndi khadi lachikasu lomwe. Oyimbira amayang'ana ngati wosewerayo anali ndi mwayi weniweni wougwira mpirawo. Akatambasula manja onse awiri, kapena akaukankhira m'mwamba kuti auwakhenso, amamumvera chisoni. Akatambasula dzanja limodzi n'kuuphaphira pansi, zake zada. Ndiye kuti chikho chonse chinadalira pa funso lakuti dzanja lija linkafuna kugwira kapena kuononga. Mwangozi, Lions ndi akatswiri. Mwadala, penate, ndipo penate siithetsa masewero.

Masapota a Lions anafunsa kuti mpira utatuluka kale, nthawi itatha, TMO akulowererapo bwanji. Yankho ndi lakuti kugwetsa mpira mwadala kuli m'gulu la kusewera mwachinyengo, ndipo pa zoterezi TMO amaloledwa kuitana oyimbira kuti abwerere m'mbuyo. Mpira kutuluka sikufafaniza mlandu womwe unachitika uli wamoyo. Ndimamva ululu wa amene amati rugby yasanduka bwalo la milandu, munthu sungasangalale try isanaunikidwe kanayi, ndipo pa masewero wamba a pakati pa nyengo ndimagwirizana nawo kuti ma TMO ena amalowerera pa tizinthu topanda pake. Koma taganizani zikanakhala kuti anasiya. Dziko lonse likanaona pa kanema dzanja lija, timu yaing'ono ya ku Kimberley itadikira zaka 55, n'kumanidwa penate yake chifukwa choti eni bwalo ayamba kale kuvina. Mkangano umenewo ukanaposa uwu.

Chomwe chimandichititsa chidwi n'chakuti anthu amene amanyoza Lions pa za 2024 ndi omwewo amene amati 2025 inaberedwa, osaona kuti lamulo ndi limodzi. Pa zaka ziwiri zonsezi Lions inamaliza pamwamba pa ndandanda wa mapointi, n'chifukwa chake fainolo inkachitikira kwawo. Pa zaka ziwiri zonsezi inali patsogolo ndi pointi imodzi sayirini ikulira. Pointi imodzi mu rugby siteteza munthu, chifukwa kulakwa kulikonse mkati mwa mamita 60 pa bwalo la kumtunda ngati Ellis Park ndi mapointi atatu. Timu yomwe ili patsogolo ndi 4 imakakamiza adani kufunafuna try, yomwe ili patsogolo ndi 8 singagonje ndi kugoletsa kumodzi. N'chifukwa chake makaputeni odziwa amawerengera zimenezi kudakali mphindi 20, n'kumatola mapointi atatu paliponse pomwe apezeka m'malo mothamangira pakona kukasaka try. Mukamamva sapota akukuwa kuti "tengani atatuwo!" pa mphindi ya 60, akuganiza za mphindi ya 81.

Lions inatenga Currie Cup komaliza mu 2015. Griquas, pansi pa mphunzitsi Pieter Bergh, ndi akatswiri a 2025 koma alibe malo mu United Rugby Championship, ndipo chizolowezi n'chakuti osewera amene awala ku timu ngati imeneyi amakopedwa ndi matimu anayi aja kapena a kunja. Mkangano womwe ukukula tsopano pakati pa masapota ndi wakuti kodi timu yomwe yatenga Currie Cup isamapatsidwe mpata wolimbirana malo ku mipikisano ya ku Ulaya. A matimu akuluakulu amayankha kuti Kimberley ilibe bwalo, ndalama, kapena gulu la osewera lokwanira kuuluka kupita ku Dublin ndi Glasgow mwezi ndi mwezi. A ku Kimberley amati ndalamazo sizingabwere ngati khomo lili lotseka.